Tifunseni: Wogulitsa zakudya ndi zakumwa zowonongeka, lamulo limamutani?

Mwezi uno makalata ndi mauthenga a pa WhatsApp ambiri abwera pa nkhani imodzimodzi, ya zakudya zowola ndi zakumwa zoopsa, mwina poti kwatentha ndipo zinthu sizikuchedwa kusasa. Ena ndi ogula amene apwetekedwa, ena ndi ogulitsa amene akufuna kudziwa pomwe pali malire. Ndasankhapo 7, mayina ndachotsa ngati mwa nthawi zonse.

Funso: A Mkonzi, ine ndine mayi wa ana atatu ndimakhala ku Ndirande. Sabata yatha ndinagula yogati muwiri pa golosale ina pafupi ndi kwathu kuti mwana atenge kusukulu, nde usiku wake mwana anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba mpaka tinathamangira naye kuchipatala cha m'ma 2 koloko. Kutacha ndikuyang'ana kabotolo kamene kanatsala ndikupeza kuti pa deti anapakanda ndi chinachake koma ikuonekabe pang'ono, inadutsa ndi masabata atatu. Nditapita kukadandaula mwini wake anangondilozera chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa, ati ndinayenera kuyang'ana ndekha. Zimenezi zili choncho eti? Palibe komwe ndingapite?

Yankho: Pepani kwambiri mayi, ndikhulupirira mwanayo wapezako bwino. Ayi sizili choncho. Chikwangwani chimenecho ndi katoni chabe yolembedwa ndi maka, sichingafufute lamulo, ndipo bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC lakhala likunena kuti wamalonda sangadzichotsere udindo pa katundu wowonongeka pongopachika mawu pakhoma. Kuchita zimenezo pakokha ndi kulakwa kale.

Malamulo okhudza nkhani yanuyi alipo angapo. Penal Code, buku lalikulu lija la milandu ya upandu, lili ndi ndime ziwiri zoyandikana. Ina ndi ya munthu wothira zinthu m'chakudya kapena chakumwa mpaka kukhala choopsa iye akufuna kugulitsa. Inayo ndi ya munthu wogulitsa, ngakhale kungoyala pa shelefu, chakudya chimene chawonongeka iye akudziwa kapena ali ndi chifukwa choganizira kuti chawonongeka. Mawu akuti akudziwawo ndi amene mlandu umatsamirapo, nde taganizani, munthu wokanda deti anganene bwanji kwa majisitireti kuti samadziwa? Kukandako ndi umboni woti anaiona detiyo, anaimvetsa, nasankha kuibisa. Chilango chake ndi chindapusa kapena ndende, pena zonse ziwiri, malinga ndi mmene khoti lawonera kukula kwa mlandu.

Palinso Public Health Act, lamulo lakale la 1948 koma likugwirabe ntchito, limapatsa mphamvu a zaumoyo a kukhonsolo kulowa mu shopu, kuyendera, kulanda ndi kuwononga chakudya chosayenera kudyedwa. A Malawi Bureau of Standards, a MBS, nawo amayendera mashopu, amalanda katundu woekisipaya ndipo akhala akutseka ngakhale masupamaketi akuluakulu mpaka atakonza zinthu. Kenako a CFTC aja. Pansi pa lamulo lakale la 1998 chindapusa chinali K500,000 ndi zaka 5 kundende, ndalama imene kampani yayikulu inkangoiona ngati ya mandasi, koma lamulo latsopano limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2024 limalola kulipitsa kampani mpaka 10 peresenti ya ndalama zonse zimene yagulitsa pachaka, munthu payekha mpaka 5 peresenti, komanso kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama zake.

Chimene ndikupempha ndi ichi mayi, kabotolo kaja musakataye ndipo musakatsegule. Kajambuleni pafoni deti ikuoneka, kasungeni pozizira, sungani buku la kuchipatala la mwana pamene adokotala analemba tsiku ndi zimene anapeza, ngati munapatsidwa lisiti ndiye bwino kwambiri, ngati ayi lembani tsiku ndi nthawi imene munagula ndi amene anakuonani. Yambani ku ofesi ya zaumoyo ku khonsolo ya mzinda chifukwa ndi amene angafike pa golosalepo msanga yogati winayo asanabisidwe, kenako lembani dandaulo ku CFTC, salipiritsa. A CAMA, bungwe loimira ogula, nawonso amathandiza kukankha nkhani zotere. Ndikudziwa ambiri timati aaa za yogati wa K1,000 ndikavutikirenji, koma pa shelefu paja patsala mabotolo ena ndipo ana a anzanu akudutsa pomwepo mmawa uliwonse.

Funso: Ine ndimagulitsa zipisi za nkhuku ndi mang'ina ku Area 25 ku Lilongwe. Magetsi anazima masiku awiri nde katundu yense wa mu filiji anasungunuka, nkhuku zayamba kafungo pang'ono komanso kuterera. Mpamba wanga wonse uli momwemo ndipo ndi wa ku banki mkhonde. Anzanga akuti nditsuke ndi viniga ndi mandimu ndikazinge kwambiri ndigulitse madzulo kukada, ati moto umapha chilichonse. Kodi nditati ndatero ndi mlandu? Si ine ndazimitsa magetsi.

Yankho: Achemwali, kalata yanuyi ndaiwerenga kawiri chifukwa ndikumva ululu wake, mpamba wa ngongole kuuona ukuwola m'maso muli gwa si nkhani yamasewera, ndipo mwachita bwino kufunsa musanachite. Koma yankho ndi loti inde ndi mlandu, ndipo ndi mlandu weniweni uja ndafotokozera mayi a ku Ndirande pamwambapa, wogulitsa chinthu ukudziwa kuti chawonongeka. Khoti silidzafunsa kuti anazimitsa magetsi ndani, lidzafunsa kuti pamene mumaika nkhukuyo m'chiwaya mumadziwa kapena ayi. Ndipo viniga ndi mandimuwo, kudikira mdimako, zonsezo zidzakhala umboni wokutsutsani chifukwa zikuonetsa kuti mumabisa.

Zoti moto umapha chilichonse si zoona. Moto umapha tizilombo tambiri inde, koma pali tizilombo tina, monga Staphylococcus aureus kamene kamakhala pakhungu ndi m'mphuno mwathu, timene tikachulukana m'chakudya chotentherwa timasiyamo poizoni, ndipo poizoniyo saphedwa ndi kukazinga. Nyama imaoneka yofiirira bwino, fungo labisika ndi mafuta ndi tsabola, koma wodya pakangopita maola ochepa wayamba kusanza. Mpunga wogona pamalo otentha nawo uli ndi kachilombo kake kochita chimodzimodzi. Munthu wamkulu wathanzi mwina adwala tsiku limodzi nkudzuka, koma kasitomala wanu simumusankha, wina ndi mayi woyembekezera, wina akumwa ma ARV chitetezo chili chotsika, wina wagulira kamwana ka zaka ziwiri kachipisi kamodzi kokasangalatsa. Kamwana kotero kutsegula m'mimba usiku umodzi kumatha kukatenga.

Ndinaonapo ndi maso anga pa msika wina mayi atakhala kuseri kwa benchi ndi beseni la madzi ofiira, akutsukamo makosi ndi mapazi a nkhuku obiriwira m'mbali, ntchentche zili ng'waa, kutsogolo kuli mwana wa sukulu wa yunifolomu atagwira ndalama m'manja akudikira. Chithunzi chimenecho sichinandichoke. Mayi aja sanali mfiti, anali munthu wopanikizika ngati inu, koma amene amalipira ngongole yawo tsiku limenelo anali mwana uja ndi mimba yake.

Nde chitani izi. Zimene zayamba fungo ndi kuterera zikwirireni, musapatse ngakhale a pakhomo panu. Pitani kwa anzanu a banki mkhonde lero lomwe mukawauze zoona, magulu ambiri ali ndi kathumba ka zadzidzidzi ndipo amamvetsa munthu akabwera poyera msanga kusiyana ndi kumuthamangitsa. Kutsogoloku muzipikula zochepa zoti zithe tsiku limodzi kapena awiri, muziika mabotolo a madzi oundana mu filiji kuti magetsi akazima azisunga kuzizira, osamatsegulatsegula, ndipo mukaona kuti tsiku latha magetsi osabwera phikani kapena wambani nyamayo ikadali yabwino mugulitse motsitsa. Kuluza phindu la tsiku limodzi kuli bwino kusiyana ndi kulandidwa chiphaso, kutchuka dera lonse kuti mayi aja anadwalitsa anthu, ndi kukaima m'khoti.

Funso: Nthawi ya kolera ija a khonsolo anatilanda mapoto a nsima ndi thobwa pa depoti nkutaya, chonsecho zinali zophika tsiku lomwelo zosawonongeka. Mpaka lero zimandiwawa. Anali ndi ufulu umenewo?

Yankho: Anali nawo bambo, ngakhale zimawawa. Mliri uja unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga, unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo pa 5 Disembala 2022 boma linalengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo ya dziko lonse. Nthawi ngati imeneyo makhonsolo amaletsa kugulitsa zophikaphika m'misewu ndi m'masukulu, ndipo chiletso chikalengezedwa mlandu sukhalanso woti chakudya chawola, umakhala wophwanya chiletsocho. Kolera saoneka ndi maso, thobwa limatha kukoma bwinobwino koma madzi osungunulira kapena otsukira makapu ndi amene ali ndi matenda. Chimene a khonsolo alibe nacho ufulu ndi kukumenyani, kukulandani ndalama zam'thumba, kapena kulipiritsa chindapusa popanda lisiti ya khonsolo. Zikatero kadandauleni kwa akuluakulu a khonsoloyo kapena ku ofesi ya Ombudsman.

Funso: Kwathu kuno ku Mzimba ng'ombe ya munthu wina inafa yokha usiku, dzulo lake inali bwinobwino. Mmawa anaisenda nkuyamba kugulitsa nyama motchipa ena pa ngongole, anthu anagula ambiri poti ndiwo zikuvuta. Ine ndinakana, nde akundinena kuti ndine wonyada. Mwini ng'ombeyo ndi mbale wa amfumu. Kodi lamulo limafika kumudzi kuno kapena ndi la m'tauni mokha?

Yankho: Limafika achimwene, lamulo silithera pa malire a tauni, ndipo simunanyade ayi, munachita zanzeru. Nyama yogulitsa kwa anthu imayenera kuyezedwa ndi alangizi a ziweto, chiweto chikadali chamoyo komanso chitaphedwa, nchifukwa chake ku butchala yolongosoka mumaona chidindo pa nyama. Chiweto chofa chokha sichingadutse muyeso umenewo, wochigulitsa akugulitsa chinthu chimene ali ndi chifukwa chokwanira choganizira kuti nchoopsa, komanso malamulo a matenda a ziweto amafuna kuti imfa yokayikitsa chonchi inenedwe kwa a zaziweto.

Chimene chikundiopsa pa nkhani yanuyi ndi kufa kwadzidzidziko. Matenda a anthrax amapha ng'ombe mwa njira imeneyo, dzulo ikudya msipu lero yagona, mimba yatupa msanga, pena magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo. Amagwira anthu osenda, onyamula chikopa ndi odya, pakhungu pamatuluka chilonda chakuda pakati, akalowa m'mimba ndiye amapha. Anzathu a ku Zambia anavutika nawo kwambiri mu 2023, ndipo kuno mu 2018 anapha mvuu zambiri ku Liwonde. Choipa china nchoti mukangoitumbula nyama yotero tizilombo timalowa m'dothi nkukhalamo zaka zambirimbiri kudikira ng'ombe zina. Nde chiweto chotero sachitumbula, amaitana alangizi, nkuchitentha kapena kuchikwirira mozama.

Za ubale ndi amfumuzo ndikuzimvetsa, akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma simukusowa kukangana ndi munthu pabwalo. Kauzeni mwakachetechete alangizi a ziweto a dera lanu ndi a zaumoyo a HSA, iwo ndi amene ntchito yawo ndi kufufuza, ndipo auzeni anansi amene anasenda ndi kudya kuti akaona chilonda chachilendo, kutentha thupi kapena kupweteka m'mimba athamangire kuchipatala akanene kuti anadya nyama yofa yokha. Mankhwala ake alipo akafulumira.

Funso: Ndili ku Joni, ndimagwira ntchito mu spaza shop, kagolosale ka m'makomboni, ya munthu wina. Abwana amandituma kufufuta madeti pa mabisiketi, ma chips a ana ndi zitini ndi sipiriti, pena kumata sitika ina. Ndikakana ati pita kwanu ku Malawi. Apolisi atabwera angamange ine kapena abwana? Mapepala anganso sali bwino.

Yankho: Mphwanga, akhoza kumanga nonse, ndipo nthawi zambiri woyamba kukwera galimoto ya apolisi ndi amene wapezeka kuseri kwa kauntala, abwana ali kwina foni atazimitsa. Mawu akuti anandituma sachotsa mlandu pa dzanja limene lagwira sipiriti. Ku South Africa lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2008 limaletsa kufufuta, kuphimba kapena kusintha zolembedwa pa katundu ndi cholinga chonamiza wogula, ndipo bizinesi ikhoza kulipitsidwa mpaka 10 peresenti ya zogulitsa zake pachaka kapena R1 miliyoni. Malo ogulitsa chakudya amayeneranso kukhala ndi chiphaso cha a zaumoyo a manisipala.

Ndipo uli kumeneko ukudziwa wekha mmene zinthu zinatenthera. Mu Okutobala 2024 ana 6 anamwalira ku Naledi ku Soweto, ndipo zoyeza zinapeza kuti anafa ndi terbufos, mankhwala a kumunda amene anthu amagulitsa mumsewu ngati ophera makoswe, ngati mmene tameki amagulitsidwira kwathu kuno. Pa 15 Novembala chaka chomwecho Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti ma spaza onse alembetsedwe pasanathe masiku 21, kenako anatalikitsa mpaka pa 28 Febuluwale 2025, ndipo kuyendera mashopu kunakula. Anthu okwiya m'makomboni safunsa kuti mwini shopu ndani, amagwira mlendo amene amuona. Kunena chilungamo vutoli si la alendo okha, matenda a listeriosis a 2017 mpaka 2018 amene anadwalitsa anthu oposa 1,000 ndi kupha oposa 200 anachokera mu poloni wa fakitale yayikulu ku Polokwane, mpaka kuno ku Malawi poloniyo anachotsedwa m'mashopu. Koma iwe ulibe maloya ngati a kampani, uli ndi thupi lako lokha.

Langizo langa ndi loti usiye kufufutako lero, uyambe kufunafuna ntchito ina kudzera mwa a Malawi anzako ndi kumpingo, ndipo ngati pali mauthenga a pafoni amene abwana amakutuma usawafufute. China, ngati mu shopumo mumasunga mankhwala a makoswe kapena a mphemvu pafupi ndi zakudya, kapena mumathira pansi pa mashelefu pomwe pali mapaketi otsegula, zichotse msanga, chimenecho ndi chimene chimapha ana kuposa deti. Zitini zotupa kapena zochita dzimbiri usagulitse ndipo iwenso usadye.

Funso: Ndinagula chakumwa cha m'botolo, nditamwa theka ndinaona mphemvu yakufa pansi. Ndinasanza tsiku lonse. Anzanga akuti ndiike pa Facebook kampaniyo ichite manyazi, ena akuti ndikhoza kulemera ndi chipukuta misozi. Zoona ndi ziti?

Yankho: Kusumira mukhoza. Mlandu wa boma wolanga wolakwa ndi wina, mlandu wanu wofuna chipukuta misozi ndi winanso, ndipo mukhoza kusumira kampani yopanga ngakhale munagula kwa okala. Mfundo imeneyi inachokera pa mlandu wa ku Scotland wa Donoghue v Stevenson umene unagamulidwa mu 1932, mayi wina ku Paisley anati anapeza nkhono yowola m'botolo la chakumwa chimene anamugulira mnzake, ndipo khoti lalikulu linati wopanga chinthu ali ndi udindo wosamala munthu amene adzachidye. Makhoti athu amatsatira mfundo yomweyo. Koma za kulemerazo chotsani m'mutu, khoti limapereka molingana ndi mmene mwavulalira ndi zimene mwawononga, ndipo limafuna umboni, botolo lenilenilo ndi chitsekero chake, amene analipo mukutsegula, ndi kalata ya kuchipatala ya tsiku lomwelo. Ngati loya simungakwanitse pitani ku Legal Aid Bureau. Za Facebook, yambani mwapereka botololo kwa a MBS ndipo alembe kuti alandira. Mukalemba, lembani zimene zinachitika basi osawonjezera mchere, chifukwa mukanena zimene simungazitsimikize kampani ikhoza kukutembenukirani ndi mlandu woipitsa mbiri.

Funso: A Mkonzi ndikulemba ndi misozi. Achimwene anga anamwalira masabata awiri apitawa kuno ku Blantyre atamwa mowa wa m'mabotolo osalemba kanthu umene amagulitsa mayi ena m'dera lathu. Anamwa Loweruka, Lamulungu anayamba kudandaula mutu ndi m'mimba nkumati akuona chifunga, Lolemba anatisiya kuchipatala. Mnzawo amene anamwa naye maso sakuona mpaka pano. Mayi aja akugulitsabe, ati aliyense amabwera yekha ndi ndalama zake samukakamiza. Akuluakulu a pabanja akuti tizisiye ndi chifuniro cha Mulungu. Asiya ana anayi. Ine botolo limene anabwera nalo kunyumba ndinalisunga, muli kotsala pang'ono. Nditani?

Yankho: Pepani achemwali, pepani kwambiri, Mulungu akutonthozeni pamodzi ndi anawo. Akuluakulu a pabanja akulankhula chifukwa chotopa ndi chisoni ndipo sindikuwanyoza, koma pa nkhani iyi sindigwirizana nawo. Munthu akafa ndi chinthu chimene wina anasakaniza ndi manja ake nkuchigulitsa, pali funso loti wogulitsayo ayankhe pansi pano.

Zimene mwafotokozazi, kudwala tsiku lotsatira osati pomwepo, mutu, m'mimba, kuona chifunga, mnzawo kuchita khungu, zikufanana kwambiri ndi poizoni wa methanol. Ameneyu ndi sipiriti wa m'mafakitale, amaoneka ndi kununkhira ngati mowa wamba ndipo munthu amaledzera naye chimodzimodzi, koma akafika m'chiwindi thupi limamusandutsa asidi amene amawononga mitsempha ya maso ndi ubongo, nchifukwa chake zizindikiro zimachedwa maola 12 mpaka 24 kapena kuposa. Pang'ono chabe amachititsa khungu. Ogulitsa ena amagula sipiriti wotchipa osadziwa nkomwe kuti ndi wa mtundu wanji, nkusungunula ndi madzi kuti apindule msanga kusiyana ndi kutcheza kachasu masiku angapo. Inu a ku Blantyre mukukumbuka za mu 2024 pamene anthu angapo anamwalira ndi mowa umene anthu anaupatsa dzina loti ambuye ntengeni, apolisi nkuyamba kugwira ogulitsa. Boma linaletsa masacheti zaka zapitazo pofuna kuteteza achinyamata, koma mowa wa m'zigubu ndi m'mabotolo otoleza unangolowa m'malo mwake, wopanda dzina, wopanda chidindo cha MBS, wosadziwika kochokera.

Kumbali ya lamulo milandu ilipo yosanjikizana. Kugulitsa mowa popanda layisensi ndi mlandu pansi pa Liquor Act. Kusakaniza zoopsa m'chakumwa chogulitsa ndi mlandu wa mu Penal Code uja. Ndipo pamene munthu wafa, nkhani imakwera kufika pa mlandu wopha munthu mosakonzekera, umene chilango chake chachikulu ndi kukhala kundende moyo wonse, ngakhale khoti limayang'ana mmene zinachitikira popereka zaka. Zoti aliyense amabwera yekha ndi ndalama zake sizithandiza mayiwo, achimwene anu anapita kukagula mowa, sanapite kukagula poizoni, ndipo kupitiriza kugulitsa atamva kuti kasitomala wafa wina wachita khungu kukuwonjezera kulemera kwa mlandu wawo. Apolisi akafufuza bwino amayeneranso kufika kwa amene amawapikulitsa sipiritiyo, chifukwa ameneyo akuthira m'madera ambiri osati lanu lokha.

Koma zonsezi zimayenda ndi umboni, ndipo inu muli ndi chinthu chimene mabanja ambiri sakhala nacho, botolo lija. Litsekeni bwino, liikeni mu pulasitiki kutali ndi ana, musalitsanulire mwina ndipo musalipereke kwa munthu aliyense wobwera kudzakunyengererani, ngakhale atabwera ndi chipepeso cha ndalama. Pitani nalo ku polisi mukatsegule nkhani, mupite ndi munthu wina wamkulu wokuperekezani, alembe kuti alandira botolo ndipo akupatseni nambala ya nkhaniyo, mulijambule musanapereke. Tengani buku la kuchipatala la malemu ndi kalata ya imfa, auzeni apolisi chipatala chimene anagonekedwa kuti akatenge zimene madokotala analemba, ngati mtembo unapimidwa zotsatira zake ndi umboni waukulu. Mukaona kuti pa siteshoni yaing'ono nkhani ikuzizira, kwerani kwa mkulu wa polisi wa dera, ndipo dziwitsaninso a zaumoyo a khonsolo kuti mowa wotsalawo ulandidwe sabata ino isanathe. Za ana anayiwo, a Legal Aid Bureau akhoza kukulangizani za kusumira chipukuta misozi m'malo mwawo, ngakhale ndinene poyera kuti kwa wogulitsa wamng'ono ndalama zopezeka zimakhala zochepa.

Mnzawo wa malemu uja musamuiwale, ndi mboni yoona ndi maso zonse za Loweruka lija, anamwa kuti, anagula kwa ndani, botolo linali lotani. Mukambirane ndi abale ake apite naye ku chipatala cha maso ku Queen Elizabeth akamuone ngati pali chimene chingapulumutsidwe, ndipo apolisi amulembe sitetimenti yake akadakumbukira bwino. Mukapita ku polisi mundilemberenso mundiuze mmene akulandirirani.